Chubu Chimene Sichinafike ku Ruo

Achimwene anga anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi mwendo umodzi. Winawo anaudula m'munsi mwa bondo, mwala utawagwera pansi pa nthaka. Asanapite anali munthu amene mudzi wonse unkamudziwa pa kusambira. Ankadumpha kuchokera pathanthwe lalitali la pa mtsinje wa Ruo n'kukavuuka tsidya lina, anthu atayamba kale kukuwa kuti wamira. Atabwera anali munthu wongokhala pakhonde, ndodo ziwiri zitatsamira khoma, akuyang'ana phiri la Mulanje ngati ali nalo mlandu. Amayi anatenga mabuluku awo onse n'kupinda mwendo wakumanzere, n'kuusoka kuti usamakwekwereke pansi.

Ine ndinali mtsikana wamkulu ndithu, wosakwatiwa, wothyola tiyi pa esiteti ina kumtunda kwa Limbuli. Bambo anali atamwalira kalekale, choncho pakhomo tinalipo atatu: amayi, achimwene ndi ine. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wacheuka usanaseke.

Chubucho chinabwera ndi ine. Dalaivala wina wa thirakitala pa esiteti, amene anakulira limodzi ndi achimwene, anandiitana tsiku lina poweruka. Anandionetsa chubu chakale cha tayala lakumbuyo la thirakitala, chakuda, chopindikapindika, chimene anali atachitaya kuseri kwa galaja chifukwa cha kubooka.

"Ukawapatse alongo ako," anatero. "Ukawauze kuti m'madzi safunsa kuti uli ndi miyendo ingati."

Ndinachisenza pamutu mpaka kwathu, chikundipaka mwaye kumaso. Nditachigwetsa pabwalo n'kunena mawu a dalaivala uja, achimwene anachiyang'anitsitsa. Anatsika pakhonde mokhwekhwereza matako, n'kuchitambasula, n'kuyamba kuchisisita ndi chikhatho pofuna pamene panabooka. Madzulo amenewo anadya n'kupempha ndiwo zina. Amayi anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana.

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panasanduka galaja. Achimwene anandituma ku Limbuli kukagula guluu kwa okonza njinga. Zigamba ankadula ku chubu chakale cha njinga, n'kupala malo obooka aja ndi kachitini kamene anakaboola ndi msomali. Akamata chigamba ankachipanikiza ndi mwala wa mphero, n'kukhalapo okha ngati nkhuku yofungatira. Zigamba zinali zofiira, chubu chakuda, ndiye pomaliza chinkaoneka ngati nyama yamawanga.

Pano ndiyenera kunena za msuweni wanga, mwana wa amalume, chifukwa nkhani yonseyi ndi yake. Tinakulira bwalo limodzi. Monga asuweni, ankanditchula mkazi wake, ine n'kumamutukwana kuti ndingakwatiwe bwanji ndi munthu wamakutu ngati mbale. Chaka chimenecho anali atalowa gulu la achinyamata a chipani, aja a malaya ofiira amene ankaima pazipata za msika ndi m'misewu. Koma akamabwera kwathu ankavala malaya ake akale, n'kukhala pamphasa, n'kumapisa dzanja m'mbale mwanga. Ife tinkati malaya ofiirawo ndi ongodzitetezera, monga ankachitira anyamata ambiri. Ndi iyeyo amene anabwereka pampu yopondera kwa mwini golosale wina. Ndi iyeyo amene anapopa chubu chija mpaka thukuta kuchita kuyenderera m'chibwano, achimwene akuthira madzi a sopo pazigamba kuti aone ngati pakutuluka thovu. Chitafufuma chinandifika m'chifuwa chili chiimire. Ana a m'mudzi anadzaza kumpanda. Msuweni wanga anachigudubuza kuzungulira nyumba akuimba, ndipo achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere ku Joni.

Mapulani anali akuti tikalowe ndi chubucho mu Ruo kumunsi kwa mlatho, tiyandame pang'onopang'ono kudutsa m'minda ya tiyi ndi ya nthochi, tikatsikire padooko la azakhali, alongo awo a malemu bambo, amene ankakhala kumunsi, patali ndithu ndi pamene mtsinje umayamba kukhala malire a dziko. Kumeneko tikagona, m'mawa mwake tichiphwetse chubucho, amuna awo a azakhali adzatiperekeze pa njinga. Inali nyengo yotentha ija, pamene dothi limawotcha mapazi ndipo anyenje amalira mpaka mutu kuwawa. Tiyi anali asanaphukire, ntchito pa esiteti inali yochepa. Tinkangodikira kuti mvula yoyamba igwe kuphiri, madzi akwereko pang'ono kuti tisamakhulike pamiyala.

Amayi anakana kaye.

"Munthu wapulumuka pansi pa nthaka, ndiye mukufuna akafere m'madzi? Nanga iwe, mwana wamkazi, unaona kuti mkazi atakwera mphira pamtsinje?"

"Amayi, ndiye ndipite ndekha?" anafunsa achimwene. "Chikakodwa m'bango adzachikankhe ndani?"

Amayi analowa kukhitchini akung'ung'udza m'Chilomwe, monga ankachitira akapsa mtima. Koma m'mawa mwake ndi iwo amene anaviika nyemba za kalongonda, kamba wa paulendowo.

Kulongedza katundu kunatitengera nthawi yaitali kuposa mmene ulendowo ukanatengera. Achimwene anaphunzira ku mgodi kuti chinthu chosamangirira ndi chotayika kale, ndiye chilichonse chinali ndi chingwe chake. Anayamba ndi pokhala. Anapota chingwe cha khonje pantchafu, n'kuluka ukonde pabowo la chubu lija kuti akhalepo osagwera m'madzi. Pamwamba anapingasa nsungwi ziwiri zong'amba, pokhala ine. Zopalasira anadula ku bokosi lakale la tiyi, timatabwa tiwiri topyapyala, n'kutiboola kuti timangirire kudzanja. Anasankha nsungwi ina yaitali, yokhwima, yokankhira pamchenga. Ndodo zawo zoyendera anazikonzera malo ake m'mbali, chifukwa ankati chubu chikhoza kutayika, koma ndodo zikapita ndi madzi ndiye kuti ndidzawabereka kumsana mpaka kwa azakhali.

Tinakangana pa zakudya. Ine ndinkafuna kutenga kampoto ndi ufa kuti tikaphike pamchenga. Iwo anati ufa ukanyowa ndi phala, ndipo sakupita ku Ruo kukatola nkhuni. Tinagwirizana za chinangwa chophika, mtedza wokazinga, zinanazi ziwiri za kuseri kwa nyumba, ndi kalongonda uja, amene amayi anamuphika n'kutaya madzi, kuphikanso n'kutayanso madzi, kuti asatiledzeretse pamtsinje. Thobwa tinathira m'chigubu chokhala ndi chitsekerero cholimba. Achimwene anati chigubucho chizikokedwa m'madzi ndi chingwe kuti thobwa lizizizira, ndipo likatha chigubu chomwecho chikhala chogwirira ngati wina wagwa. Machesi, mchere, guluu ndi zigamba zapadera tinaika m'chitini cha mkaka, n'kumata chivundikiro ndi phula la kandulo. Mpeni wawo wa ku Joni, wopinda, wakuthwa ngati lumo, anaumangirira kachingwe kovala m'khosi. Zovala zosinthira tinazikulunga m'pulasitiki ya mkati mwa thumba la feteleza, n'kumanga kukamwa kwake kawiri. Tinkamanga, iwo n'kunena kuti kwalemera mbali imodzi, timasule, tiyambirenso. Ndinkakwiya, koma kunali kukwiya kokoma.

Kenako panabwera nkhani ya chovala changa. Achimwene anandiyang'ana nditakhala pansungwi paja poyesera, n'kupukusa mutu.

"Chitenje m'madzi ndi msampha. Chikakukulunga miyendo sungaponde madzi. Komanso ukakhala apo chiziyandama, asodzi onse a mu Ruo akudziwa."

Tonse tinkadziwa kuti mkazi saloledwa kuvala buluku. Linali lamulo la boma, ndipo a malaya ofiira ankalisunga kuposa malamulo khumi a m'Baibulo. Ndinali nditaonapo ndi maso anga mtsikana wina pamsika wa Limbuli, amene diresi lake linalekeza pamwamba pa mawondo. Anamuimika pa benchi ya ogulitsa tomato, n'kusomola mpendero wa diresilo ndi lumo anthu akuonerera, kenako n'kumuyendetsa msika wonse akumuimbira nyimbo. Mtsikanayo sanabwerenso kumsika. Koma ife tinati kumtsinje kulibe msika. Buluku ndikavalira m'bango, pamwamba n'kumanga chitenje mpaka titalowa pakati pa madzi.

Amayi anatenga buluku limodzi la khaki la achimwene, n'kusomola mwendo umene anaupinda uja, n'kuchepetsa m'chiuno, n'kulowetsamo kachingwe ka nsalu ya chitenje chawo chakale. Ankasokera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Msuweni wanga analowa osaodira, monga mwa masiku onse, n'kuwapeza singano ili m'manja. Anaseka, n'kunena kuti mkazi wake tsopano asanduka mwamuna, ndiye iye azivala chitenje. Tinaseka naye. Anaona ndikulipinda bulukulo n'kuliika pansi penipeni pa pulasitiki ya zovala.

Mvula inagwa kuphiri. Tinaiona ikuda ku mapiri uko, ndipo tsiku lotsatira akazi obwera kochapa anati Ruo wakwera mpaka pamwala wochapira. Achimwene anati mawa.

M'mawa mwake dzuwa lisanawawe zonse zinali pabwalo. Chubu chinali chofufuma, katundu atamangidwa, njinga yobwereka itatsamira mtengo wa mapeyala. Achimwene anali atameta ndevu, atavala chipewa cha mlaza. Tinkadikira msuweni wanga, amene analonjeza kuti adzakankha njinga achimwene atakwera, ine ndikugudubuza chubu mpaka kumlatho.

Anabwera, koma atavala malaya ofiira, ndipo sanali yekha. Anali ndi anzake atatu, ndi mtsogoleri wawo, bambo wina wamfupi amene tinkamudziwa bwino chifukwa ankagulitsa nsomba zouma pamsika. Sanaodire. Amayi anatulutsa mpando, mtsogoleriyo sanakhale. Msuweni wanga anaima kumbuyo kwa anzake, maso ali pa zala za kumapazi kwake.

Mtsogoleri uja anati kukubwera mlendo wamkulu wa chipani kuchokera ku Blantyre, ndipo akumanga chipata cha nsungwi chodutsa pamwamba pa msewu, chomulandirira. Nsungwi zilipo, masamba a kanjedza alipo, koma chomangira chasowa.

"Ndiye tamva kuti pakhomo pano pali mphira yambiri yongoseweretsa," anatero, akumenya chubu chija ndi kandodo.

Achimwene anavula chipewa. Anayankhula mwaulemu umene sindinkaudziwa mwa iwo. Anati chitukuko ndi cha tonse, ndipo ali ndi chingwe cha khonje chambiri chimene apota okha, atenge chonse. Anati akhoza kupota china usana wonse. Luzinso lilipo kuseri. Nsungwi anthu amangira luzi chiyambire.

"Luzi limauma n'kuduka. Mukufuna chipata chigwere galimoto ya mlendo? Ndi zimene mukufuna, achimwene?"

"Ayi bwana, sindinatero."

"Nanga katundu yenseyu? Ulendo wa kuti?"

"Kwa azakhali, kumunsiku."

"Pa njira palibe? Mwasankha mtsinje? Kodi Ruo amathera kuti?"

Tonse tinamva chimene ankatanthauza. Ruo akatsika amakakhala malire ndi Mozambiki, kumene agogo athu anachokera, ndipo masiku amenewo kunena kuti munthu akuthawira kutsidya, kapena akuwolotsa ena, kunali kokwanira kuti asaonekenso. Amayi anayamba kulumbira kuti mwana wawo ndi wolumala, angathawire kuti. Mtsogoleri uja anangokweza dzanja n'kuuza anyamata ake kuti amasule katundu.

Zimene tinamanga mosamala zija anazimasula ngati agalu pa dzala. Mfundo za achimwene zinawakanika, ndiye ankangokoka ndi kudula. Chitini anachiboola ndi mwala, mchere n'kumwazikira m'dothi. Timatabwa topalasira wina anatiponda, kamodzi n'kuthyoka. Chinangwa chinagubuduka pabwalo, nkhuku n'kuthamangira. Wina ananunkhiza chigubu, n'kulawa, n'kupatsira mnzake. Sanapeze kanthu, chifukwa munalibe kanthu. Mtima wanga unayamba kutsika pang'ono, chifukwa pulasitiki ya zovala inali itagwera kuseri kwa njinga, ndipo palibe amene anaiona.

Apo ndi pamene msuweni wanga anasuntha. Palibe anamutuma. Ndabwereza m'mawa umenewo m'mutu mwanga kambirimbiri, kufunafuna ngati wina anamuyang'ana, kapena kumukodola, kapena kumuopseza. Palibe. Anayenda yekha kupita kuseri kwa njinga, n'kutola pulasitiki ija, n'kumasula mfundo zonse ziwiri. Sanavundule n'komwe zapamwamba. Anapisa dzanja mpaka pansi, n'kusolola buluku lija, n'kulipereka kwa mtsogoleri wake.

Bamboyo analitambasula m'mwamba kuti anthu amene anali atadzaza kumpanda alione.

"Ili ndi la ndani?"

"Langa," anatero achimwene.

"Lanu? Chiuno ichi? Kachingwe kamaluwa aka?" Anayang'ana buluku limene achimwene anavala, la mwendo wopinda, n'kuyang'ananso limene linali m'manja mwake, miyendo yonse iwiri ikulendewera. "Kapena mwendo wanu ukumera, tikuthokozereni?"

Anyamata aja anaseka. Kumpanda ena anasekanso, anthu amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Mtsogoleri uja sanakuwe. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati akutsatsa nsomba. Anati nkhani zilipo ziwiri. Ikhoza kukhala nkhani ya mtsikana wophwanya lamulo, amene ayenera kuvala bulukuli pompano n'kuyenda nawo mpaka ku Limbuli, akaonetse anthu mmene likumukhalira, kenako akayankhe ku ofesi. Kapena ikhoza kukhala nkhani ya banja lokonda dziko lake, limene lapereka mphira mwa kufuna kwake kuti mlendo alandiridwe bwino. Tisankhe tokha.

"Ndipita," ndinatero. "Bweretsani ndivale. Tiyeni ku Limbuli."

Sindinali wolimba mtima. Koma mkwiyo unali utandikwera moti ndikanayenda wamaliseche. Amayi anandigwira pakamwa ndi dzanja lonse, zala zawo zikununkha utsi, n'kundinong'oneza m'Chilomwe kuti ndikatsegulanso pakamwa andimenya okha.

Achimwene anavala chipewa chawo. Anadzikoka kufika pa chubu, n'kuvula kachingwe ka m'khosi kaja, n'kutambasula mpeni. Mmodzi wa anyamata aja anatambasula dzanja kuti alandire, koma iwo sanamupatse. Anabaya okha, pafupi ndi chigamba chachikulu chimene chinawavutitsa kwambiri. Mpweya unatuluka ndi mluzu wautali, wonunkha mphira yotentha, ndipo chubu chinafota mpaka ukonde wa khonje uja unagona pansi. Kenako anachipanira ndi bondo lawo lotsala n'kuyamba kudula malamba, aatali, ofanana, osakhota. Sanathamange. Lamba lililonse akamaliza ankaliponya kumapazi kwa mtsogoleri uja osadzutsa mutu. Pabwalo panali zii, kupatula kulira kwa mpeni pa mphira, ndi kutafuna. Inde, kutafuna. Anyamata aja anali atakhala pakhonde pathu, atasenda zinanazi zathu, akudya kalongonda wa amayi ndi manja, chigubu chikuzungulira. Msuweni wanga anadya nawo. Ndinamuona akunyambita madzi a chinanazi pachigongono.

Achimwene atamaliza, mtsogoleri uja anandiuza kuti ndisenze malambawo, popeza banja lathu ladzipereka. Buluku lija mtsogoleri analipinda n'kulipanira m'khwapa, akuti ndi umboni. Patapita nthawi ndinaliona litavalidwa ndi mwana wake wamwamuna, kachingwe ka chitenje cha amayi kakulendewera kutsogolo.

Tsiku limene ndimayenera kukhala pakati pa Ruo ndinalithera pamsewu, padzuwa, ndikupatsira malamba kwa amuna amene anakwera pamakwerero. Malamba anachuluka kuposa amene ankafunika. Otsalawo anyamata anagawana, ena omangira katundu panjinga, ena opangira malegeni. Nditaona kamwana kena kakulasa mbalame ndi chidutswa chokhala ndi chigamba chofiira, ndinapita kuseri kwa mtengo n'kusanza.

Mlendo anadutsa tsiku lina lotsatira. A chipani anatisonkhanitsa m'mawa, akazi titavala nsalu za chipani, n'kutiimika m'mbali mwa msewu mpaka dzuwa kupendeka. Tinaimba mpaka mawu kusasa. Kenako kunabwera magalimoto akuda, mawindo otseka, pa liwiro loti sindikudziwa ngati munthu wa mkatimo anaona n'komwe kuti wadutsa pansi pa chipata. Fumbi litatsika anatiuza kuti tizipita, taimba bwino. Chipatacho chinakhala pamenepo mpaka mvula inachigwetsa, anthu n'kutola nsungwi kukasonkhera moto.

Mkwiyo wanga sunapite kwa mlendoyo, amene sindinaone nkhope yake. Ngakhale wansomba uja sindinamusungire kwambiri, chifukwa anali chimene anali, ndipo sanadyepo m'mbale mwanga. Koyamba unagwera pa munthu wolakwika. Ndinasiya kuyankhula ndi achimwene. Ndinkawaikira madzi osamba ndi chakudya osanena kanthu. Iwo anabwerera pakhonde paja, ndevu n'kuyambanso kumera. Tsiku lina ndikusesa anandigwira tsache.

"Chemwali, ndakulakwira chiyani?"

"Munadula nokha," ndinatero. "Mukanawasiya adule iwowo. Mukanawasiya alimbane nacho, chiwavute, achite manyazi. Inu munawadulira bwinobwino ngati akulipirani."

"Akanadula iwo akanaseka pochita. Sindinafune kumva."

"Nanga bwanji simunandisiye ndipite ku Limbuli? Ndinavomera ndekha."

"Iwe unaona msika wokha," anatero. "Sunaone zimene zimachitika ku ofesi chitseko akatseka. Ine ndataya mwendo, ndikudziwa kuti chimene chapita sichibwerera. Mphira ndi mphira."

"Si mphira! Inu mukudziwa kuti si mphira!"

Ndinakuwa mpaka amayi anatuluka m'khitchini. Achimwene anasiya tsache lija, n'kutembenukira kukhoma. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinakhala pansi pambali pawo mpaka mthunzi unachoka pakhonde.

Ndinayesa kupeza chubu china. Dalaivala uja anati nkhani yamveka mpaka ku esiteti, ndipo kapitawo walamula kuti machubu akale onse azitsekeredwa. Ndinauza achimwene kuti tikhoza kumanga mathunthu a nthochi monga amachitira ana, kapena ndingowakankha panjinga mpaka padziwe la pathanthwe akasambire. Anakana. Anati safuna anthu akaime pamtunda kuonerera mmene munthu wa mwendo umodzi amasambirira, tsopano poti mudzi wonse unaseka kale. Patsogolo pake anapeza kamalo pakhonde la sitolo ina ku Limbuli n'kumasoka nsapato. Anali mmisiri wabwino, anthu ankamukonda. Koma ku Ruo sanapitekonso. Chifuwa chimene anabwera nacho ku mgodi chinawadya pang'onopang'ono, ndipo anamwalira chipani chija chikadalamulira.

Msuweni wanga sanabwerenso kwathu chichitikire zija. Amalume anabwera kudzapepesa m'malo mwake, akunena kuti mwanayo ankafuna kukwezedwa pa gulu lawo, ndipo anzake ankamunena kuti amabisa zolakwa za abale ake. Amayi analandira kupepesako chifukwa anali mlongo wawo. Ine ndinatuluka kupita kumunda. Pamaliro a achimwene msuweniyo anabwera, n'kunyamula nawo bokosi, n'kuimba nyimbo za maliro mokweza kuposa aliyense. Ndinapempha akuluakulu kuti amuchotse pabokosipo. Anandiuza kuti pamaliro sitikumba milandu.

Zinthu zitasintha, malaya ofiira anazimiririka tsiku limodzi ngati sanakhaleko. Amene ankawavala anasanduka ogulitsa m'misika, oyendetsa njinga za kabaza, akuluampingo. Msuweni wanga anakhala mkulu wampingo. Tinakumana maso ndi maso pa chinkhoswe cha mdzukulu wa amalume, tonse imvi zitayamba. Anabwera pamene ndinkatsuka mbale kuseri, akumwetulira, manja ali kumbuyo.

"Mkazi wanga," anatero, ngati kale, "mpaka lero osandipatsa moni? Chifukwa cha chubu?"

Ndinapitiriza kutsuka.

"Inali nthawi yake imeneyo, asuweni. Tonse tinkachita mantha. Ukakana iwe, amakutembenukira. Mulungu anatikhululukira tonse."

Ndinaika mbale pansi n'kupukuta manja. Ndinamuuza kuti za mantha ndikuzidziwa, chifukwa inenso ndinaimba pamsewu paja. Sindikumuimba mlandu chifukwa chobwera ndi anzake, ngakhale chifukwa chowauza za chubu. Mwina anamufunsa, mwina anamupanikiza. Koma pulasitiki ija inali kuseri kwa njinga, palibe anaiona, ndipo anzakewo anali atatsala pang'ono kutopa n'kumapita. Ndinamufunsa kuti andiuze chinthu chimodzi chokha: ndani anamutuma kukaitola?

Anayang'ana kumene kunali anthu, ngati wina amuitana.

"Sindikukumbuka bwinobwino," anatero. "Ndi kale."

"Ine ndikukumbuka," ndinatero. "Suntha, waponda mbale."

Anasuntha. Kenako anabwerera kubwalo, kumene anamupempha kuti atsegule mwambo ndi pemphero. Ndinamumva ndili kuseriko akupemphera nthawi yaitali, mawu ake okoma, anthu akuvomera. Ine ndinamaliza mbale, n'kutsanzika kwa mwini nyumba, n'kunyamuka chakudya chisanagawidwe.